Ndalama za bizinesi zigone kuti: pafoni, kubanki, ku SACCO kapena kubanki mkhonde?

Mwini golosale pa Mponela, pa Lunzu kapena pa Jenda akamatseka chitseko madzulo, ndalama za tsikulo amakhala nazo m'malo atatu: zina zili m'kabati ya pakauntala, zina zalowa pa Airtel Money, ndipo zina zili pa Mpamba, osawerengera zomwe zalembedwa m'kope la makasitomala olonjeza kulipira pakutha pa mwezi. Ambiri akamaganizira komwe ndalamazi zigone amangoganizira za akuba, chonsecho pali zinthu zina zimene zimadya mpamba mwakachetechete kuposa mbala yothyola zenera. Musanasankhe njira, pali mafunso awiri oyenera kuyamba mwayankha. Loyamba ndi lakuti ndalamazo zikhala masiku angati zisanafunikenso, ndipo lachiwiri ndi lakuti kodi komwe mukuziikako zikusiya mbiri yolembedwa imene munthu wosakudziwani angaikhulupirire tsiku lomwe mudzafune ngongole.

Za ndalama zosunga m'nyumba palibe zambiri zonena. Sizilipiritsa kanthu, ndipo ndi zomwe mlimi wobweretsa nyemba pasikelo yanu amafuna kuziona m'manja. Koma popeza ndalama ya K5,000 yomwe inatuluka mu 2022 imafuna mapepala 200 kuti ikwane K1 miliyoni, wokaoda katundu ku Limbe kapena ku Malangalanga amakwera minibasi ndi mtolo umene wakuba aliyense wozolowera amauzindikira. Kuwonjezera apo, ndalama za m'nyumba sizisiya umboni uliwonse woti bizinesi ikuyenda, ndipo zikatha ndi zovuta kulongosola kuti zinapita kuti.

Tinene poyera kuti palibe akaunti wamba imene yakhala ikupambana kukwera kwa mitengo m'zaka zapitazi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zonse za kwacha zinapwetekeka mofanana, kaya zinali pansi pa matiresi, pafoni kapena kubanki. Amene anapulumukako ndi amene mpamba wake unali pashelefu ngati sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Choncho wabizinesi yaing'ono asatsegule akaunti poyembekezera kulemera ndi chiwongoladzanja. Chomwe akugula kumeneko ndi chitetezo, kuphweka kwa kulipira ndi kulandira, komanso mbiri.

Foni ndiyo yasintha malonda a m'matauni ang'onoang'ono kuposa china chilichonse. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba inatsatira mu 2013, ndipo lero ma ejenti amapezeka ngakhale pamsika womwe banki yapafupi ili ulendo wa theka la tsiku. Foni ya mabatani imakwanira, pakuti *211# ndi *444# sizifuna intaneti. Ndalama zomwe zimaoneka pafoni zimakhala ndi ndalama zenizeni zofanana nazo zimene kampaniyo imasungitsa m'mabanki, monga mwa malamulo a Reserve Bank of Malawi, kotero mantha akuti ndi manambala chabe alibe maziko. Vuto la njirayi lili potapa. Kulandira ndi kophweka, koma nthawi iliyonse mukasandutsa ndalama za pafoni kukhala za m'manja mumadulidwa, ndipo kwa wogulitsa amene phindu lake pa paketi ya shuga ndi makwacha ochepa, kudulidwa kumeneko kungameze phindu lonse la malondawo. Ichi ndi chifukwa chake mawu akuti "muwonjezere yotapira" afala m'misika, ngakhale kuti amakwiyitsa ogula ndipo ena amawathamangitsa kupita kwa mnzanu wa pafupi.

Njira yochepetsera kudulidwaku ndi kusatapa kumene. Ngati wopikulitsa amalandira pafoni kapena ali ndi akaunti kubanki, mulipireni kuchokera pafoni pomwepo, ndalamazo zisadutse m'manja. Pamene kutapa sikungapeweke, werengani tchati ya mitengo yomwe imapachikidwa pa ejenti aliyense, chifukwa mitengoyo imayenda m'magawo, ndipo kawirikawiri kutapa pang'onopang'ono kasanu patsiku kumadya zambiri kuposa kutapa kamodzi. Dziwaninso kuti nambala ya munthu wamba ili ndi malire a ndalama zomwe ingasunge ndi zomwe ingatumize patsiku, ndipo wogula soya nthawi yokolola amawafika malirewa msanga. Pamwamba pa izo pali mawu omwe aliyense anawamvapo, akuti "fuloti yatha" kapena "netiweki yavuta", amene amamveka kwambiri tsiku la msika, pomwe ndalama zikufunika mwachangu.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kulandirira malonda panambala yomweyo imene achibale amaidziwa. Pamenepo mpamba umasakanikirana ndi ndalama za ndiwo, za mayunitsi, za maliro ndi za fizi, ndipo pakutha pa mwezi mwini wake amadabwa kuti katundu watha koma ndalama zoodera wina sizikukwana. Makampani onse awiri amapereka nambala yapadera ya amalonda, imene kasitomala amalipirirapo mwachindunji ndipo imasunga ndandanda wa malonda payokha. Mu 2019 Reserve Bank inatulutsa malamulo olamula mabizinesi olembetsedwa kukhala ndi njira yolandirira malipiro popanda ndalama za m'manja, ndipo nambala yotereyi ndi njira yotsika mtengo yokwaniritsira lamuloli kwa amene sangakwanitse makina opalira khadi. Ngati nambala ya amalonda siinapezeke, ngakhale simu khadi yachiwiri yomwe ntchito yake ndi ya bizinesi yokha imathandiza.

Akuba a pafoni nawo amakonda amalonda, chifukwa amadziwa kuti pakauntala pamakhala piringupiringu. Wina amatumiza uthenga wofanana ndi wa kampani wonena kuti ndalama zalowa, n'kunyamula katundu. Wina amaimba modandaula kuti watumiza molakwika, mum'bwezere. Uthenga si ndalama, paja fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Musanapereke katundu kapena kubweza kalikonse, funsani nokha pafoni kuti muone ngati ndalama zanu zakweradi, ndipo mnyamata kapena mtsikana wokugulitsirani mum'phunzitse zomwezo. Nambala yachinsinsi palibe wogwira ntchito kukampani ya foni kapena kubanki amene ali ndi chifukwa choifunsira.

Banki imachita zomwe foni singachite, ndipo imalephera pomwe foni imapambana. Mabanki omwe wamalonda angasankhepo ndi National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank, First Capital Bank, Ecobank, CDH Investment Bank ndi Centenary Bank. Amene akukumbukira Malawi Savings Bank, Indebank ndi Opportunity Bank adziwe kuti yoyambayo inagulidwa ndi FDH mu 2015, yachiwiriyo ndi National Bank chaka chomwecho, ndipo yachitatuyo inalowa m'manja mwa banki yomwe lero ikutchedwa First Capital mu 2017. Kutalika kwa nthambi sikulinso chopinga monga kale, chifukwa mabanki ena ali ndi ma ejenti m'masitolo, monga Banki Pakhomo ya FDH ndi Bank Pafupi ya NBS, ndipo akaunti imayendetsedwa pafoni kudzera pa *626# ku National Bank, *525# ku FDH kapena *322# ku NBS. Kuyambira mu 2015, pomwe National Switch inayamba kugwira ntchito, khadi la banki imodzi limatapa pamakina a banki ina, ngakhale kuti mtengo wake umakwererako. Posankha banki, tsono, dzina lalikulu lisakukopeni. Funsani kuti ndi banki iti ili ndi ejenti wodalirika pamsika wanu, ndiponso kuti opikulitsa omwe mumagulako amasungitsa kuti, pakuti kutumiza ndalama mkati mwa banki imodzi kumakhala kofulumira komanso kotsika mtengo.

Akaunti yosungira ndalama ya munthu payekha imatseguka ndi chiphaso cha unzika, ndipo kwa woyamba kumene imakwanira. Akaunti ya m'dzina la bizinesi imafuna zambiri, makamaka satifiketi yosonyeza kuti bizinesiyo inalembetsedwa kuboma ndi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, ndipo nthawi zambiri imadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi, kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Ambiri amabwerera pamenepa poopa msonkho. Koma telala wofuna kusoka mayunifolomu a sukulu, kapena wa hadiweya wofuna kuperekera simenti kukhonsolo kapena kubungwe lomwe si la boma, adzapeza kuti ogula oterewa salipira panambala ya foni ya munthu, amafuna invoisi ndi akaunti zokhala ndi dzina limodzi. Kwa wogulitsa mandasi akaunti yotere ndi katundu wolemetsa chabe, pomwe kwa telala uja ndi khomo lolowera kumalonda aakulu. Musanasaine, pemphani pepala la mitengo yonse ndipo muwerengetse zomwe mudzadulidwe pamwezi malinga ndi momwe inuyo mudzaigwiritsire ntchito: ya pamwezi, ya potapa pamakina, ya potapa pakauntala, ya posamutsira pafoni, ndi ya sitetimenti. Akaunti yosiyidwa osagwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali imagonekedwa, ndipo kuidzutsa kumafuna ulendo wa kunthambi.

Pankhani ya chitetezo, kuyambira mu 2023 kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation, lomwe linayamba ndi lonjezo lobwezera wosungitsa aliyense mpaka K3 miliyoni pabanki iliyonse ngati bankiyo itagwa. Kwa mabizinesi ambiri ang'onoang'ono ndalama imeneyi ikuphimba zonse zomwe amasunga.

Komabe phindu lalikulu la banki ndi sitetimenti. Wopereka ngongole sakudziwani, sanaonepo anthu akudzaza m'sitolo mwanu Loweruka, ndipo kope lanu la malonda angalikayikire chifukwa munalemba nokha. Chimene amakhulupirira ndi ndandanda wa miyezi ingapo wosonyeza ndalama zikulowa ndi kutuluka. Apa amalonda ambiri amadzipweteka okha poika kubanki zotsala zokha akatha kuoda ndi kulipira lendi. Munthu wogulitsa katundu wa K3 miliyoni pamwezi koma n'kumaika K200,000 yokha amaoneka kubanki ngati wabizinesi ya K200,000, ndipo ngongole yomwe angam'ganizire idzayezedwa pamenepo. Ndi bwino kudutsitsa malonda onse mu akaunti, kenaka n'kulipira opikulitsa kuchokera momwemo, ngakhale kuti pakutha pa sabata mutsale zochepa.

Ngongole ya kubanki kawirikawiri ndi yotsika mtengo kuposa zina ikawerengedwa pamwezi, komanso ndi yovuta kuipeza. Mu February 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezerapo gawo lawo, kotero wabizinesi yaing'ono ankabwereka pamtengo wozungulira 30 peresenti pachaka kapena kuposerapo. Chiwerengerochi chimaopsa, koma 30 peresenti pachaka ndi 2.5 peresenti pamwezi, zomwe ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe anthu amalipira kwina osadandaula. Chopinga chenicheni ndi chikole, pakuti malo a kumudzi opanda chikalata chaumwini banki siiwalandira. Lamulo la 2013 lokhudza chikole cha katundu wosunthika linatsegula mpata woti galimoto, chigayo, makina osokera kapena katundu wa m'sitolo zilembedwe ngati chikole m'kaundula wa boma, ndipo ndi bwino kufunsa za mpatawu mwachindunji m'malo modikira kuti wa kubanki autchule. Kumbukiraninso kuti monga mwa lamulo, obwereketsa amatumiza mbiri ya ongongola kumabungwe osunga mbiriyo, monga Credit Data, motero kangongole kakang'ono komwe munakanyalanyaza kwina kangatsekereze ngongole yaikulu kubanki ina.

Pakati pa banki ndi magulu a m'mudzi pali ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama zochepa. SACCO ndi bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama lomwe eni ake ndi mamembala omwewo. Mumagula masheya, mumasunga mwezi ndi mwezi, ndipo pakapita nthawi mumaloledwa kubwereka mowirikiza zomwe mwasunga, mamembala anzanu atakuimirani umboni, ndipo chaka chikayenda bwino mumalandira gawo la phindu. Mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno, MUSCCO, unakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kuyambira ndi lamulo la 2011 ma SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, choncho musanalowe funsani kuti muone chiphaso chake. Kwa munthu wopanda chikalata cha nyumba koma wodziletsa pakusunga, ine ndimaona kuti iyi ndi njira yabwino koposa yopezera ngongole ya firiji, ya njinga yamoto kapena yokulitsira sitolo. Kuipa kwake ndi kwakuti masheya satapidwa mwachangu, ndipo mnzanu amene munamuimira umboni akalephera kubweza, SACCO imagwira ndalama zanu.

Mabungwe monga FINCA, yomwe yakhala m'dziko muno kuyambira mu 1994, VisionFund ndi CUMO amafika komwe mabanki safika ndipo amabwereketsa magulu popanda chikole chachikulu. Mtengo wawo ndi wokwera chifukwa kutsatira ngongole zazing'ono m'midzi kumadya ndalama zambiri. Pamenepa, monganso kwa wobwereketsa wina aliyense, funso lofunika koposa ndi la momwe chiwongoladzanja chikuwerengedwera. Tiyerekeze kuti mwabwereka K600,000 kwa miyezi 6 pa 5 peresenti pamwezi, ndipo mukubweza K100,000 ya mpamba mwezi uliwonse. Ngati chiwongoladzanja chikuwerengedwa pandalama yonse yomwe munatenga poyamba, mudzalipira K30,000 mwezi uliwonse, zonse pamodzi K180,000. Ngati chikuwerengedwa pandalama yotsala, mwezi woyamba mudzalipira K30,000, wachiwiri K25,000, wachitatu K20,000, mpaka K5,000 mwezi womaliza, zonse pamodzi K105,000. Onse awiri akulengeza 5 peresenti, koma kusiyana kwake ndi K75,000. Onjezanipo ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshulansi, zomwe ena amadula musanalandire, ndiye muona chifukwa chake muyenera kupempha kuti akulembereni ndalama yomwe ilowe m'manja mwanu ndi ndalama yonse yomwe mudzabweze pomaliza. Onaninso masiku obwezera, chifukwa ngongole yobweza sabata ndi sabata imayenerera wogulitsa usipa kapena tomato, koma imapha wogula mtedza amene akudikira kuti mitengo ikwere mu December.

Banki mkhonde ndiyo yomwe amayi ambiri a geni amaidziwa bwino kuposa njira zonsezi. Anthu odziwana, kawirikawiri pakati pa 15 ndi 30, amakumana sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, amaponya masheya, amabwerekana, ndipo pakutha pa chaka amagawana zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja, nthawi yomwe feteleza ndi mbewu zikufunika. Palibe fomu yovuta, palibe ulendo wa kutauni, ndipo ndalama zimapezeka tsiku lomwelo. Magulu ambiri amalipiritsa pakati pa 10 ndi 20 peresenti pamwezi, ndipo mamembala amadzitonthoza ponena kuti chiwongoladzanjacho chidzabwerera kwa iwo omwe. Zimenezi ndi zoona pang'ono chabe, chifukwa pogawana amapindula kwambiri ndi amene anaponya masheya ambiri, pomwe amene anabwereka kwambiri ndiye wadyetsa anzake. Wotenga K100,000 pa 20 peresenti ayenera kupeza K20,000 ya gulu m'mwezi umodzi asanaone phindu lake, zomwe ndi zotheka kwa wogulitsa kaunjika amene belo lake limatha m'masabata awiri, koma si zotheka kwa womanga sitolo.

Magulu ena amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti ndalama zisagone m'bokosi, ndipo apa ndi pomwe mavuto amayambira, pakuti munthu amatenga ngongole yomwe alibe nayo ntchito, n'kukalowa gulu lachiwiri kuti abweze loyamba. Nkhani za kulandidwa ziwiya, malata ndi mbuzi zimachokera kumeneko. Gulu labwino limadziwika ndi malamulo olembedwa, bokosi la maloko atatu lomwe makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, kuwerengera ndalama pamaso pa onse, ndi malire akuti munthu asabwereke kuposa katatu ka zomwe waponya. Gulu likakula mpaka ndalama zake kufika m'mamiliyoni, bokosi silikwaniranso, ndipo ndi nzeru kutsegula akaunti ya gulu kubanki yokhala ndi osainira awiri kapena atatu. Chipereganyu, chomwe mamembala amasonkha n'kupatsa mmodzi mosinthana, chilibe chiwongoladzanja ndipo chimathandiza kugula chinthu chimodzi chachikulu, koma pamene mitengo ikukwera, wolandira pomaliza amagula zochepa kuposa wolandira poyamba. Za katapila, amene chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ngongole kapena kuposerapo pamwezi, palibe bizinesi yoona imene phindu lake lingam'kwanitse.

Tikabwerera kwa mwini golosale uja, ndalama zomwe zifunike mawa kapena mkuja poodera buledi ndi zakumwa zikhale panambala ya amalonda ndi m'kabati. Zomwe zidikire sabata kapena kuposerapo, monga za lendi, za malipiro a wantchito ndi za ulendo waukulu wokaoda, zisamutsidwire kubanki, makamaka kudzera mwa ejenti wa bankiyo ngati ndalamazo zili kale m'manja, kuti asadulidwe kawiri. Gawo lochepa lokhazikika lipite ku SACCO mwezi uliwonse pokonzekera ngongole ya chaka chamawa, ndipo banki mkhonde ikhale imodzi yokha, ya ndalama zomwe angathe kuzidikira mpaka pogawana. Mayi wogulitsa masamba amene mpamba wake wonse umazungulira tsiku limodzi sakufunika zonsezi, foni ndi gulu limodzi lodalirika zim'kwanira mpaka bizinesi itakula. Wogula mbewu ndiye wosiyana ndi onse, chifukwa amafuna ndalama zambiri za m'manja kwa miyezi itatu kapena inayi yokha, ndipo ayenera kukambirana ndi banki mvula isanathe, osati soya atafika kale pamsika.

Ndalama zikadulidwa mosadziwika bwino kapena zikasochera potumiza, yambani ndi banki kapena kampani ya foniyo, mupereke dandaulo lolembedwa lokhala ndi tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya uthenga wotsimikizira, ndipo musunge kope lake. Ngati yankho silikubwera kapena silikukhutiritsani, dandaulolo lingapite kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli nthambi yoteteza makasitomala a mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa omwe ali ndi ziphaso. Banki mkhonde ndi chipereganyu sizili pansi pa ofesi imeneyi, kotero mkangano wa kumeneko umathera kwa mamembala eni ake, kwa amfumu kapena kukhoti, ndipo chomwe chimafunsidwa poyamba ndi malamulo a gulu ndi kope lomwe munasainamo.